Mmene Nyasaland Inatulukira m'Chitaganya

Alimi, mafumu ndi anyakwawa a ku Phalombe: Lero tikambe za mkangano wa Chitaganya, umene unagawa anthu kuyambira 1953 kufikira 1963, dera lanu lidakali pansi pa boma la Mulanje.

Chitaganya chinamanga Nyasaland pamodzi ndi Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, likulu lake ku Salisbury. Ochikonda, monga Sir Roy Welensky ndi chipani cha United Federal Party, ankati dziko lino nlosauka. Likatuluka, ndalama za zipatala ndi misewu zidzachokera kuti?

Ochikana ankayankha ndi nkhani ya nthaka. Amuna obwerera kuchokera ku ntchito ku Southern Rhodesia anali ataona okha kuti lamulo la 1930 linapatsa Azungu pafupifupi theka la dzikolo. Nanga munthu wodziwa ntchito ya thangata m'maesiteti a Mulanje ndi Thyolo akanavomera bwanji?

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti Dr. Banda amangidwe, ndipo anthu oposa 1,000 anatsekeredwa. Koma ndende sinathetse mlandu. Pachisankho cha Ogasiti 1961 Malawi Congress Party inapata mipando 22 mwa 28, ndipo pa 31 Disembala 1963 Chitaganya chinatha.

Dziwani kuti mantha a ndalama aja sanali opanda pake: ufulu utabwera mu 1964, Boma la Mangalande linathandizabe thumba la dziko lino zaka zingapo. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, koma ya nthaka ndiyo inalemera. Inu oweruza milandu ya minda pabwalo mukudziwa chifukwa chake.