Kodi mumadziwa? Njovu zokwera sitima

Kodi mumadziwa kuti ku America njovu zinkayenda pa sitima yapamtunda kwa zaka zoposa 100? Mu 1872 P.T. Barnum ndi mnzake William Coup anasiya kudalira ngolo za mahatchi, n'kuyamba kunyamula circus yawo panjanji. Circus ndi chionetsero choyendayenda cha nyama ndi anthu ochita zodabwitsa.

Njovuzo sizinkangokwera ulele ayi. Sitima ikafika, zinkathandiza kukoka ndi kukankha ngolo za katundu, makamaka zikatitimira m'matope.

Kodi mumadziwa kuti mabogi a nyama ankawalumikiza pafupi ndi mutu wa sitima? Kumeneko kulibe chigwedegwede chambiri. Koma musaganize kuti munali mofewa: njovu zinkayenda chiimire, miyendo ili m'maunyolo, nthawi zina usana ndi usiku.

Kodi mumadziwa kuti njovu yotchuka kuposa zonse inafa ndi sitima? Jumbo, njovu ya kuno ku Africa, inakhala kumalo osungira nyama a London Zoo kuyambira 1865 mpaka 1882, pamene Barnum anaigula ndi madola 10,000. Anaikonzera bogi yakeyake. Usiku wa pa 15 Seputembala 1885, m'tauni ya St. Thomas ku Canada, chionetsero chitatha, woisamalira Matthew Scott ankaiyendetsa m'njanji kupita kubogi yakeyo. Mwadzidzidzi kunatulukira sitima ya katundu. Jumbo inagundidwa n'kufera pomwepo, ndipo kanjovu kena, Tom Thumb, kanathyoka mwendo. Barnum, katswiri wokometsa nkhani, anafalitsa zoti Jumbo inafa populumutsa kanjovuko. Malonda amenewo!

Ngakhale mtembo anaupezera ntchito. Mafupa anathera kunyumba yosungira zakale ku New York, chikopa anachifutika n'kuchiimika ku Tufts University. Mu 1975 nyumba imene chinalimo inapsa, ndipo phulusa lake analiwolera m'botolo la chiponde lomwe akusungabe mpaka lero. Mukamva anthu akutchula ndege ya Boeing 747 kuti jumbo jet, dzinalo ndi la njovu imeneyi.

Kodi mumadziwa kuti njovu ina inalumpha m'sitima ikuyenda? Pa 21 Julayi 1950, mumzinda wa Wuppertal ku Germany, Franz Althoff anakweza kanjovu kotchedwa Tuffi m'sitima yolendewera m'mwamba pofuna kutsatsa circus yake. Kanjovuko kanachita mantha, kanaboola khoma la bogi n'kugwera mumtsinje wa Wupper, mamita pafupifupi 10 pansi. Kanangonyuka pang'ono basi, n'kukhala ndi moyo mpaka 1989.

Kodi mumadziwa kuti ku New York njovu zinkamaliza ulendo wapansi? Sitima ya kampani ya circus ya Ringling Bros. and Barnum & Bailey inkaima ku Queens, ndiye pakati pa usiku njovuzo zinkandondozana, kudutsa msewu wapansi pa mtsinje wa East River, kulunjika kubwalo la Madison Square Garden, anthu atadzaza m'mbali mwa msewu kuonerera.

Kampani imeneyi inali ndi masitima awiri, lililonse la mabogi pafupifupi 60, kutalika kwake kilomita imodzi ndi theka. Mabungwe oteteza nyama atadandaula kwa zaka zambiri, njovu zinapumitsidwa mu Meyi 2016. Matikiti anasiya kuyenda malonda, ndipo mu Meyi 2017 masitima onse awiri anaimikidwa.