Kamera m'nyumba ya ambuya: kodi ndalama zake zibwelela?

Ana ambili amene asebenza mu town, na aja amene anapita ku London kapena ku Johannesburg, manje ayamba kugulila makolo awo tumakina towayang'anila ali kutali: kamera ya Wi-Fi, makina opimila BP, kopimila shuga. Mwana ali ku ofesi mu Cairo Road, atsegula foni, aona ambuya ali khale pa mpando ku Chilenje, mtima wakhala pansi. Koma ndalama zimenezi zigwila nchito yake?

Ku England nkhaniyi anaiyesa mozama. Kuyambila mu 2008 boma linacita kafukufuku wochedwa Whole System Demonstrator ku Kent, Cornwall na Newham. Odwala oposa 3,000 a shuga, mtima na mapapo anagawidwa pawili. Ena anapatsidwa makina opimila kunyumba amene anali kutumiza manambala kwa anamwino, ena anapitiliza monga kale. Imfa zinacepako kwa aja a makina. Koma atawelengela ndalama, magazini ya madokotala ya BMJ mu 2013 inaonetsa kuti caka cimodzi ca moyo wathanzi copindulidwa cinadya pafupifupi mapaundi 92,000, pamene panthawiyo bungwe lawo la NICE kawili-kawili linali kuvomeleza 20,000 mpaka 30,000. Zimene anapulumutsa ku cipatala zinacepa pa zimene anaononga pa makina na pa anthu owelenga manambala aja.

Apa m'pamene pali nkhani. Makina paokha sacilitsa munthu, afunika wina woyankha. Kuno kwathu kulibe namwino wokhala pa kompyuta kuyang'ana BP ya ambuya anu. Woyankha ndimwe, muli mu miting'i kapena muli gone.

Kamera ndiye ikayikitsa maningi. Ifuna bundle mwezi na mwezi, ifunanso malaiti. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, makomboni anakhala mumdima maola ambili tsiku lililonse, ndipo kamera yopanda solar kapena inverter inali cabe cokongoletsa cipupa. Nkhalamba ingagwe usiku, popita ku toileti mumdima, nthawi yomweyo kamera yazima. Olo muwaone agwa, kucoka ku Woodlands kufika ku Matero pa trafiki ya m'mawa, adzawanyamula ndani? Ni aneba kapena mtsikana wa nchito. Ndalama ya bundle ija ikanakhala ya talk time ya aneba na ya taxi yopita ku kliniki. Ndiponso si ambuya onse amene akondwa kuyang'anidwa na mwana wobala okha. Ena angophimba kamera na citenje.

Makina a BP ni nkhani ina. Mugula kamodzi, aseŵenzetsa mabatile, safuna intaneti. BP ikwela mwakacetecete mpaka sitiroko, ndipo sitiroko idula: bedi ku UTH, physio ya miyezi, na wina m'banja kuleka nchito kuti asamalile wodwala. Kungopima cabe sikukwana. Manambala alembedwe m'kabuku, tsiku na nthawi, kabukuko kapite nawo ku kliniki kuti adokotala aone ngati mankhwala agwila.

Pa kopimila shuga, cenjelani na mtengo wa pa shelefu. Kamakina kachipa, koma ma strips atha msanga, ndipo mtundu uliwonse uli na ake. Musanatumize kucoka kunja, funsani ku famasi ya pafupi na ambuya ngati ma strips ake apezeka.