Kuganiza Kwambiri Kumakweza Magazi: Uthenga kwa Amene Muli ndi Abale ku Matema

Inu a ku Zóbuè, Calómuè, Tsangano ndi midzi yonse ya m'malire, ndi angati mwa inu amene alibe mwana, mlongo kapena mlamu ku Matema? Dera limeneli la mumzinda wa Tete, lomwe mumalipeza musanawoloke mlatho wa Samora Machel, lakokera anthu ambiri ochokera kumudzi. Ena amakagulitsa mbatatesi ndi kabichi, ena anatsata ntchito mgodi waukulu wa malasha ku Moatize utayamba kutulutsa malasha mu 2011.

Akabwera kudzacheza, ambiri amadandaula zofanana: mutu kuwawa, khosi kuuma, tulo kusowa, mtima kugunda ngati ng'oma. Kwathu kuno sitichedwa kunena kuti amulodza chifukwa wayamba kupeza bwino. Musanagulitse mbuzi yolipira kwa sing'anga, tamvani zimene nkhawa imachita m'thupi.

Tinene kuti mwini nyumba akufuna lendi, katundu sakuyenda pamsika, kwinaku foni yochokera kumudzi ikulira kuti tumizani ndalama ya feteleza. Ubongo umaona zonsezi ngati ngozi. Umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa madzi otchedwa adirenalini. Pomwepo mtima umathamanga, mitsempha ya magazi imafinyika, mpweya umayamba kuthera pachifuwa. Zimenezi n'zothandiza pothawa njoka. Koma lendi si njoka yoti mungaithawe kamodzi n'kupuma. Thupi likakhala chonchi kwa miyezi, tulo timasokonekera, m'mimba simugaya bwino, ndipo mpata wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi umakula. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa mu 2014 ndi 2015 anapeza kuti pafupifupi anthu 4 mwa 10 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa.

Chakudya cha mutauni nachonso chimasonkhezera moto. Ndani sakonda nsomba youma ya Chicoa yochokera ku Cahora Bassa? Komatu nsombayi imaumitsidwa ndi mchere wambiri. Mayi akaiphika osainyika, n'kuponyamo kalido, n'kuthiranso mchere wapadera, mbale imodzi yokha ikhoza kupitirira muyeso wa tsiku lonse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi kasupuni kamodzi ka tiyi. Inyikeni nsombayo, tayani madziwo, ndipo musathirenso mchere. Nkhwani, chisoso, nyemba, masau ndi malambe zisasowe pakhomo chifukwa choti munthu wakhala wa mutauni. Nanga kachasu amene ena amamwa kuti aiwale mavuto? Amakweza magazi, amadula tulo, ndipo kukacha ngongole ili pomwepo.

Kumudzi khasu ndi ulendo wa kumjigo zimalimbitsa thupi inu osadziwa. Ku Matema munthu amakhala pa benchi ya malonda tsiku lonse, pobwerera n'kukwera chapa kapena njinga yamoto. WHO imalangiza mphindi 150 pa sabata za kuyenda ndawala kapena ntchito ina yotulutsa thukuta. Ndiye kuti mphindi 30 kwa masiku 5. Poti dzuwa la ku Tete mu Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40, yendani mbandakucha kapena madzulo, ndipo imwani madzi. Kuyenda kumapeputsanso mtima ndi kubweza tulo.

Njira ya kupuma ndi yaulere. Khalani pansi pamthunzi, kutali ndi utsi wa mbaula, dzanja pamimba. Kokerani mpweya m'mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba itukuke. Utulutseni pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Chitani choncho kwa mphindi 5. Kutulutsa mpweya mwachifatse kumauza mtima kuti ngozi yatha, ndipo umachepetsa liwiro. Koma chonde, ameneyu si mlowam'malo wa mapilisi amene anakupatsani kuchipatala.

Chovuta kwambiri, makamaka kwa inu abambo, ndi kulankhula. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench, yomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anacheza ndi agogowa anapeza bwino kuposa anzawo amene sanatero. Choncho mukamaimbira foni mwana wanu ku Matema, musayambe ndi za feteleza. Yambani mwamufunsa ngati akugona tulo, kenaka khalani chete ayankhe.

Mulimbikitseni akayezetse magazi pachipatala chapafupi ngakhale asakumva kupweteka kulikonse. Makina akaonetsa 140/90 kapena kuposera apo pamasiku osiyana, atsate malangizo a anamwino. Ngati akunena zoti moyo wamutopetsa, musamuseke ndipo musamusiye yekha. Mupite naye kwa azaumoyo. Ndipo akapotoka pakamwa, dzanja likafooka mwadzidzidzi, kapena mawu akayamba kumangika, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko. Musadikire kuche, thamangirani naye ku Hospital Provincial de Tete.