Mankhwala Olamulira Kakulidwe ka Anyezi

Alimi anzathu, ambiri a ife tikatha kukolola cimanga ndi kugulitsa fodya timatsikira kudimba kukabzala anyezi. Koma caka ndi caka timamva dandaulo limodzimodzi: anyezi amene tamsunga kuti adikire mtengo wabwino wa m'dzinja amayamba kuphuka, nafewa, ndipo ogula amamkana.

Tonse tidziwa kuti tikadula nsonga ya fodya, mphukira zimaturuka m'mbali. Cifukwa cace n'cakuti nsongayo imatumiza pansi timadzi tina toletsa mphukira. Mbeu iriyonse iri nazo zinthu zotere zolamulira kakulidwe kace, ndipo akatswiri anaphunzira kupanga mankhwala ogwira nchito yofanana.

Ena mwa mankhwalawa ndiwo maleic hydrazide, amene mphamvu yao inadziwika ku America m'caka ca 1949. Alimi a fodya kumeneko amaletsa nao mphukira, ndipo omwewo amaletsa anyezi kuphuka m'nkhokwe. Amawapopera patatsala masabata ngati awiri kuti akolole, makosi a anyezi atayamba kugwa koma masamba akali obiriwira, pakuti masambawo ndiwo amatsitsira mankhwala mumtima mwa anyezi. Wopopera msanga amakolola anyezi wofewa ngati thonje, wosacedwa kuola. Wopopera mocedwa, masamba atauma, wataya ndalama zace cabe. Anyezi wosungira mbeu asapoperedwe konse, cifukwa sadzaphuka bwino.

Ena ndiwo gibberellin, amene ciyambi cao ndi kafukufuku wa ku Japan wa m'caka ca 1926 pa matenda otalikitsa mpunga mpaka kugwa. Mankhwalawa amatalikitsa mbeu, ndipo angathe kufulumizitsa phesi la maluwa. Izi zithandiza wofuna njere, koma anyezi amene wacita maluwa sasungika.

Tsono tikumbukire ici: mankhwalawa si manyowa. Amalamulira mbeu, koma saidyetsa. Tsamba lirilonse la anyezi limasanduka cikamba cimodzi pansi, cotero wamasamba ambiri ndi onenepa ndiye amadzakula. Masamba otere amadza ndi manyowa, madzi okwanira, kupalira, ndi kusankha mtundu woyenera dziko lathu, monga Red Creole.

Makosi akagwa tileke kuthirira, tizule, ndi kuyanika pamthunzi popita mphepo kufikira makosiwo ataumitsitsa. Ndipo tisanagule mankhwala alionse, tiyambe tafunsa mlangizi wa malimidwe wa kwathu.