KODI SUKULU YABWINO M'DERA LATHU NDI ITI?

Caka ciri conse, ana akamaliza maphunziro a pulaimale, funso limodzi limamveka m'Matero, m'Chilenje ndi m'Kanyama: "Kodi mwana wanga akalowe sukulu iti?" Malo amagawidwa ndi a Unduna wa Maphunziro, koma makolo ambiri amayamba kuthamangira transifa cifukwa ca dzina la sukulu, yunifomu kapena mpanda wake. Akuluakulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Zinthu zasintha kwambiri. Masukulu a "basic", amene anafalikira pambuyo pa 1996, ankasunga mwana kufikira Giredi 9. Boma limene linalowa mu 2011 linabwezera Giredi 8 ndi 9 ku sekondale. Ndipo mu 2025 inayamba Fomu 1. Kuyambira Januwale 2022, m'masukulu a boma oyendera salipiritsa fizi. Ana ambiri amene anali pakhomo anabwerera m'kalasi, ndipo ngakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 caka comweco, makalasi a m'tauni anadzaza. Conco kusiyana kwa masukulu awiri lero sikuli pa mtengo, kuli pa zimene mwana amapeza akalowa pa geti.

Pitani nokha tsiku la maphunziro. Coyamba, werengani ana m'kalasi limodzi ndi madesiki omwe. Mphunzitsi wa masamu sangathe kuconga mabuku onse ngati ana acuruka kopitirira, ndipo mwana amene buku lake silicongedwa amabwereza colakwa cimodzimodzi mpaka tsiku la mayeso. Funsaninso ngati kalasi lake lidzalowa m'mawa kapena masana. Mwana wolowa masana, makolo onse ali kunchito kapena kumsika, amakhala yekha m'mawa wonse. Kodi adzamuyang'anira ndani?

Caciwiri, musakhutire pomva kuti "pano ana amakhoza." Pemphani ahedi akuuzeni kuti analemba mayeso ndi angati, anakhoza ndi angati, ndipo anasiyira panjira ndi angati, makamaka atsikana. Kuyambira 1997 boma limalola mtsikana amene anatenga pathupi kubwerera kusukulu akabereka. Sukulu imene imatsata ana otere ndi kuwabweza imadziwa ana ake ndi maina.

Cacitatu, onani mpopi ndi zimbudzi. Sitinaiwale kuti mu 2024 kolera inacedwetsa kutsegulira masukulu kufikira mu Febuluwale. Ndiponso mtsikana wosinkhuka akasowa cimbudzi ca citseko ndi madzi, amajomba masiku angapo mwezi uli wonse.

Cotsiriza ndi mtunda. Sukulu yochuka ya kutsidya kwa tauni ifuna ndalama ya minibasi tsiku ndi tsiku, kupita ndi kubwera. Tsiku limene ndalamayo yasowa, mwana sapita. Kawirikawiri sukulu ya pafupi, kumene mayi angafike pansi kukakambirana ndi mphunzitsi, imapindulitsa koposa.

Mukasankha, nchito yanu siinathe. Khalani nawo pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, funsani za madesiki ocokera ku ndalama za CDF, ndipo madzulo ali onse tsegulani mabuku a mwana wanu muone ngati colembera cofiira ca mphunzitsi cikudutsamo.