Dziko la Albania ndi Mawu a Anthu Ake

Kum'mawa kwa dziko la Italy, kutsidya kwa nyanja ya Adriatic, kuli dziko laling'ono lamapiri lotchedwa Albania. Likulu lake ndi Tirana. Eni ake amalitcha Shqipëria, ndipo chiyankhulo chawo amati shqip. Mtsinje wa Shkumbin umalidula pakati: akumpoto mayankhulidwe awo ndi Gheg, akum'mwera ndi Tosk.

Chiyankhulochi chilibe mbale wapafupi. M'chaka cha 1854 katswiri wa ku Germany, Franz Bopp, anaonetsa kuti kholo lake ndi limodzi ndi la Chigiriki, Chilatini ndi Chihindi, koma chinamera nthambi yakeyake. Gustav Meyer, m'dikishonale yake ya 1891, anasanthula mawu 5,140 napeza kuti pafupifupi 400 okha ndiwo a makolo. Ambiri mwa enawo ndi obwera, monga 1,420 ochokera ku Chilatini ndi ziyankhulo zotuluka mwa icho, 1,180 ku Chituruki, 840 ku Chigiriki. Akatswiri a pambuyo pake aona kuti Meyer anawachepetsa mawu a makolowo, komabe obwera ndi ambiri ndithu.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Anthuwa anakhazikika m'mapiri mwawo, olamulira ndiwo ankabwera ndi kupita, aliyense nkusiya mawu ake. Aroma anasiya mik, bwenzi, kuchokera ku amicus. Qen, galu, kuchokera ku canis. Ngakhale mbret, mfumu, ndi imperator yemwe anafupika m'kamwa mwa anthu. Anthu a ku Turkey, omwe analamulira mpaka 1912, anasiya mawu a pamsika monga dyqan, sitolo, ndi xhep, thumba la chovala. Koma a makolo ndiwo okoma kuwafufuza: motër ndi wachibale wa mater wa Chilatini, amene ndi mayi, pomwe kwa anthu a ku Albania ndi mlongo.

M'mizinda ya Tirana, Elbasan, Fier ndi Korçë mulinso mtundu wina, Aromani. Tisawasokoneze ndi Aroma aja; dzina lawo likuchokera ku rom, kutanthauza mwamuna. Kwa nthawi yaitali azungu ankati anthuwa ndi a ku Egypt, ndipo ankawanyoza ndi kuwapirikitsa, zinthu zochititsa manyazi. Aromaniwo analibe mabuku a mbiri yawo. Chowachitira umboni chinali chiyankhulo chokha.

Mu 1782 Johann Rüdiger anachiyerekeza ndi cha ku India, ndipo zinagwirizana. Madzi amati pani, khutu kan, tsitsi bal. Mmwenye wa sitolo ku Limbe atamva pani angadziwe msanga chimene chikufunika. Mawu otsala amaonetsa njira imene anadzera, monga chisoso chimaululira thengo limene munthu wapitamo. Ku Persia anatola baxt, mwayi. Ku Armenia anatola grast, hatchi, ndi bov, uvuni.

Kumene anakhalitsa ndi pakati pa Agiriki, mu ufumu wa Byzantium. Msewu amati drom, tauni foro, chitsulo cha kuphazi kwa hatchi petalo, ndipo nzomveka, pakuti ambiri anali osula zitsulo. Chodabwitsa koposa chili pa kuwerenga. Mromani akamati jekh, duj, trin, štar, pandž, šov, kuyambira 1 mpaka 6, akuyankhula za ku India. Akafika pa 7, 8 ndi 9 amati efta, oxto, enja, Chigiriki chenicheni. Pa 10 amabwereranso ku India ndi deš. Mawu achigirikiwa amapezeka mwa Aromani a ku Russia, Finland ndi Wales omwe, kusonyeza kuti anali akadali gulu limodzi asanabalalike ku Ulaya konse.