Tizilombo Nato Tili ndi Mafuko Ake

M'makomboni ambili, munthu akagwidwa ndi cimfine amathamangila pa kantemba kukagula makapisozi awili kapena atatu. Ndalama zimapita, cimfine osatha. Cifukwa cake cagona pa cibale ca tizilombo toyambitsa matenda.

Akatswili a zamoyo amaika camoyo ciliconse m'fuko lake. Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene anayamba nchitoyi mu 1735, anali kuyang'ana maonekedwe. Koma Charles Darwin atatulutsa buku lake mu 1859, funso linasintha: kodi zamoyo izi kholo lawo ndi limodzi? Zili monga abale awili osafanana nkhope koma agogo awo ndi amodzi. Masiku ano akatswili amafananitsa DNA, malangizo a cibadwa amene camoyo cimalandila kwa makolo ake. Zina zimene apeza n'zodabwitsa. Ng'ona ndi m'bale wapafupi wa nkhuku kuposa buluzi, ndipo bowa ali pafupi ndi nyama kuposa zomela.

Tsono ku matenda. Kolela, TB ndi cindoko zimabwela ndi mabakiteliya, fuko lotalikilana kwambili ndi munthu. Mabakiteliya ali ndi cikungwa cimene maselo a munthu alibe. Penisilini amaswa cikungwa ca kacilombo ka cindoko, iko n'kufa, thupi osaonongeka. Koma cimfine, cikuku ndi HIV ndi mavailasi. Vailasi alibe cikungwa cotelo, sadya, ndipo amaswana cabe akalowa m'maselo a munthu. Apa kapisozi ilibe pomenya. Coipa n'cakuti imapha mabakiteliya ofooka amene yawapeza m'thupi, olimba n'kutsala kuswana. Tsiku limene mwana adzadwala cibayo, mankhwala omwewo angakane kugwila.

Zipele za m'mutu mwa ana zimabwela ndi abale ake a bowa. Popeza fukoli lili pafupi ndi anthu, mankhwala oliononga osapweteka wodwala ndi ocepa.

Kacilombo ka malungo, Plasmodium, si bakiteliya ndiponso si vailasi. Abale ake akutali ndi ndele zina za m'nyanja, ndipo mu 1996 akatswili anapeza mkati mwake zotsalila za kaciwalo kamene zomela zimapangila cakudya padzuwa. Amoxicillin sakakhudza konse. Kali ndi mankhwala akeake monga Coartem, amene amapelekedwa ku kiliniki magazi akapimidwa.